Mtovu wa Kaboti ka Apongozi

Ine ndimagulitsa mawayilesi akale, matochi ndi machaja pa Chintheche, ndipo mbiri yanga ndi yoti sindigonja pa mtengo. Ndinachokera kumapiri a ku Dedza, n'kukwatira kuno kunyanja. Zaka zonsezi ndaphunzira kudya kondowole, nsima ya chinangwa, ndi kupereka moni m'Chitonga, koma za pamadzi ndinakhalabe mlendo, ngakhale pakamwa sindinkavomera.

Apongozi anga aamuna anali msodzi. Ali mnyamata ankayang'aniranso nyumba ya mzungu wina wa kumunda wa mphira, yomwe inali m'mbali mwa nyanja. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira kaboti kamatabwa, kotalika ngati mkono ndi theka, ka mlongoti ndi matanga, koyendetsa ndi rimoti munthu ali pamtunda. Kanakhala kudenga zaka zambiri, mphemvu zikuberekeramo.

Chaka chimene anadwala matenda ofa ziwalo, dzanja lamanja ndi mwendo zinasiya kumva. Bwato lawo linakhala pamchenga mpaka linang'aluka. Tsiku lina anandiitanitsa, n'kuloza kudenga ndi dzanja lamanzere.

"Apongozi, inu mumadzutsa mawayilesi akufa. Kandidzutsireni aka. Nkhafi yandikana, koma chala ichi chikadalipo."

Anagwedeza chala chachikulu. Ndinamva chimene ankafuna: kuyendetsanso chinthu pamadzi, kamodzi kokha.

"Ada, musade nkhawa," ndinatero. "Aka n'kachidole. Ndakonzapo zoposa apa."

Nditakafikitsa kumalonda kwanga ndinakatembenuza. Kunsi kwake kunali thabwa lalitali lopyapyala, ndipo kumapeto kwa thabwalo kunali chibulumwa cholemera, chooneka ngati chinangwa. Ndinaganizira mabwato onse amene ndinawaonapo kuyambira ku Makuzi mpaka kwathu kuno: onse ndi osalala kumimba. Ndiye ndinati uwu ndi mwendo woimikira patebulo, azungu amakonda zokongoletsa. Nditakanda ndi mpeni, mkati munanyezimira. Mtovu! Asodzi amaufuna ngati mchere, amasungunula n'kupanga zolemeretsa maukonde. Ndinamasula chibulumwacho, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditagulitsa kwa msodzi wina wa kudooko lakumunsi. Tinalimbana pa mtengo mpaka iye anapukusa mutu n'kuti, "Aa, imwe a ku Dedza, mudzagulitsa ndi mthunzi wanu womwe." Ndinabwerera ndikuimba mluzu. Mumtima ndinkati ndathandiza apongozi, kaboti kapepuka, kaziyenda msanga.

Zotsalazo ndinazigwira ndi mtima wonse, zimenezo ndisadzinamizire. Ndinapala vanishi wakale mpaka thabwa linaonetsa mizere yake yofiirira. Ming'alu ndinamata ndi guluu wosakaniza ndi utuchi. Matanga anali atadyedwa, ndiye mkazi wanga anasoka ena kuchokera ku ambulera yoyera ya m'kaunjika. Kamakina kokhotetsa chiwongolero kanali katachita dzimbiri. Kena ndinakapeza ku Mzuzu m'galimoto yachidole. Rimoti ndinaitsegula, kuitsuka, kuwotcherera mawaya, ndipo tsiku limene chiwongolero chinagwedezeka ndinaitana ogulitsa tomato onse kuti adzaone.

Ndinakayesa m'mawa wina, ine ndi mkazi wanga basi. Ndinakaika pamadzi, kamphepo n'kukhudza thanga, ndipo kaboti kanagona cham'mbali ngati munthu woledzera. Ndinakadzutsa, kanagonanso. Kachitatu kanamwa madzi.

Mkazi wanga anakayang'ana kunsi. "Bambo a kwathu, chija chinali apa chili kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za mwendo wa patebulo.

"Mwagulitsa," anatero. Sanafunse.

Kunama ndimatha, ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Koma apongozi sunamizana nawo ngati kasitomala, ndiponso suwauza cholakwa utaimirira. Tinapita tonse awiri. Ndinakhala pansi chapatali, chipewa m'manja, mkazi wanga n'kuyamba kundilankhulira. Atamaliza, mkuluyo anayang'ana chinangwa chimene chinayanikidwa pathandala.

"Bwato limaima chifukwa muli munthu," anatero. "Likapendama, iwe umapendamira kwina. M'kaboti aka mulibe munthu. Mtovu uja ndiye anali munthu wake."

Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira.

Ndinatsikira kudooko ndili wokonzeka kumetedwa, chifukwa wogula amene wabwerera yekha alibe pakamwa. Msodzi uja ndinamupeza akusoka ukonde. Mtovu unali utasungunulidwa kale, tizidutswa tili ndandanda pachingwe chakunsi.

"Achimwene, nenani mtengo uliwonse," ndinatero, mawu amene sindinawalankhulepo chibadwire.

"Mwaufuniranji?"

Ndinamuuza zonse, ndi mwini kaboti yemwe. Anasiya kusoka. Anatenga mpeni n'kuyamba kukanula tizidutswato kamodzikamodzi, n'kumaponya m'chitini.

"Ada amenewo ndi amene anandiphunzitsa kugwira nkhafi," anatero. "Bwezani ndalama zanuzo m'thumba. Ine ndimanga miyala, agogo athu ankatero."

Ndinayesa kukakamira. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Ndinanyamula chitini n'kuchoka, ndipo sindinaluzepo malonda moipa chotero.

Tinasungunulira pakhomo pa apongozi, pambaula. Chikombole ndinaumba ndi dothi, iwo akundiuza pokulitsa ndi posongola. Sikelo panalibe. Chibulumwa chitazizira ndinachiika m'dzanja lawo lamanzere, iwo n'kutsinzina, n'kuchikweza pang'ono.

"Chachepa. Ndinkanyamula ine kaboti aka popita kunyanja, mzungu ali patsogolo ndi rimoti. Onjezani."

Mtovu wina unali utatayika kwa msodzi kuja, choncho ndinaphwanya batire yakale ya galimoto imene ndinkasunga kuti ndidzagulitse, n'kuchotsamo mtovu. Tinasungunula katatu. Kachitatuko anachigwira nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu.

Loweruka m'mawa tinawatengera kunyanja panjinga, wina akukankha, wina atawagwira kumsana. Mwera unali wofatsa. Tinawakhazika pa bwato lawo long'aluka lija, ndipo ndinamangirira rimoti pantchafu pawo ndi lamba wa mphira kuti dzanja limodzi likwanire. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kusiya kaboti.

Kanapendama. Mtima wanga unapendama nako. Kenaka kanaima pomwepo, thanga linadzaza, n'kuyamba kudula madzi kulowera kwakuya.

Poyamba apongozi ankangoyang'ana rimoti, kaboti n'kumapita uku ndi uku. Kenaka anasiya kuyang'ana rimoti. Ankayang'ana makwinya a mphepo pamadzi, monga ankachitira ali m'bwato, ndipo phewa lamanzere linkatsamira kumene kaboti kakukhotera. Asodzi amene ankayanika usipa anasiya ntchito. Palibe anaseka. Anakapititsa mpaka thanga linachepa ngati nthenga, anakazungulitsa kuseri kwa mwala umene ankatcherapo maukonde, n'kukabweza pang'onopang'ono mpaka mtovu unakhudza mchenga patsogolo pathu.

"Apongozi," anatero, "kokerani kumtunda. Tafika."

Sanapemphenso kupita kunyanja. Anatisiya mvula itangoyamba. Kaboti kali kudenga kwanga tsopano, ndipo ndikamakatsitsa kuti ndikapukute fumbi, ndimayamba ndagwira chibulumwa chija m'dzanja lamanzere. Sikelo ndili nayo kumalonda, koma sindinachiyezepo.