Chiganizo Chimodzi Kuchokera M'tauni Mpaka ku Chelstone

Ndinanyamuka ku Kabwata Loweruka m'mawa nditalumbira pamaso pa anzanga a pamsika kuti dzuwa likamalowa Agnesi adzakhala wanga. Ine amene ndinagulapo nsapato pa mtengo wa sokosi, ndingagonje kwa Mwale?

Agnesi anali taipisiti wa m'boma, ankakhala kwa makolo ake ku Chelstone. Mwale anali mnyamata wa ku yunivesite amene ankapita kumeneko atanyamula mabuku a anthu oganiza mozama a ku Falansa. Iye akamalankhula, Agnesi ankaiwala tiyi pamoto. Ine ndikamalankhula, ankayang'ana wotchi.

Pa Cairo Road ndinapeza buku lotero, lomasuliridwa m'Chingerezi, kwa mdala wogulitsa mabuku akale. Anati makwacha atatu, ndinamupatsa imodzi. Anathokoza msanga kwambiri moti ndinayamba kukayika.

Mzere wa basi unali wautali ngati wa mafuta ophikira. Ndinagula chimanga chowotcha, n'kupeza mpando wa pawindo, n'kutsegula buku. Chiganizo choyamba ndinachiyamba tili m'tauni. Tinalowa mu Great East Road chisanathe. Mawu ake ambiri ndinkawadziwa, koma atakhala pamodzi ankachita ngati sitinaonanepo. Ndinaganiza za Mwale akumeza zimenezi ngati maheu, mtima unandiwawa.

Pambali panga panali bambo wa tayi amene anati anaphunzirako za unsembe asanasinthe maganizo n'kukwatira.

"Ba neba, peji imodzi chabe kuchokela mu tauni?"

Ndinanama kuti ndikubwereza. Anaseka, nandiuza kuti olemba amenewa amayamba ndi kunena mwamphamvu zimene sakukhulupirira, kenako amatsika pang'onopang'ono, ndipo zenizeni amazinena wowerenga atatopa.

Ndiye kuti ndi mtengo woyamba, ngati pamsika! Ndinayambanso, ndikumukana wolembayo ndime iliyonse ngati wogulitsa jekete. Anayambadi kutsika. Anafika ponena kuti munthu ndi mfulu ngakhale akamanamizira kuti anachita kukakamizidwa. Ndinakangana naye mpaka kondakitala anandigwedeza paphewa. Siteji yanga tinali titaidutsa, ndinabwerera wapansi.

Mwale ndinamupeza pakhonde, Agnesi ali pambali pake. Ndisanakhale n'komwe ndinamuponyera mfundo ija. Sanachite mantha. Nkhope inawala, anandikokera mpando, nati theka ndalimva molakwika koma theka linalo likufunika kukambirana. Tinakangana. Amayi a Agnesi anabweretsa munkoyo, tinamwa osaona kuti wabwera liti.

Titadzutsa mitu, Agnesi anali kulowa m'galimoto loyera la kalaliki wina wa ku banki, wa ku Kabulonga kwa anthu olemera.

"Galimoto nalo ni la ku Falansa," anatero Mwale motsitsa mawu.

Tinabwerera m'tauni pa basi imodzi, tikupitiriza mkangano, ndipo potsika anandibwereka buku lina lonenepa kuposa loyamba. Masiku ano ziganizo zazitali sizindiopsa. Ndimangodikira mtengo womaliza. Anzanga a pamsika amandisekabe. Agnesi anakwatiwa ndi kalaliki uja, mdala wa pa Cairo Road anachotsa katundu wosayenda, ine ndinapeza mnzanga amene sindinkamufuna. Inu mukaona, anapambana ndani?