Galimoto ya Abambo Yopanda Dzina

Kuseri kwa nyumba yathu ku Rivirivi kunali galimoto imene sindinaionepo ikuyenda yokha. Inafika pakhomo ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri, ana a mudzi wonse tikukankha kumbuyo. Abambo anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina pa Balaka, ndipo amwenye atauzidwa kuti asamukire m'mizinda, mwini sitoloyo anawasiyira chigalimotocho ngati zikomo. Lero, pokhala wogulitsa zitsulo za galimoto pamsika, ndikudziwa kuti mkuluyo anangopeza potayira zinyalala. Koma abambo ankachipukuta Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi.

Inali yobiriwira mozilala, ndipo mkati munkanunkha chikopa chakale, oyilo ndi zitosi za nkhuku. Nyali imodzi inalibe, redieta inalibe, kabuleta anachotsa kalekale, ndipo pamphuno pokhala dzina panangotsala timabowo tiwiri. Palibe ankadziwa mtundu wake.

Woti aidzutse anali Che Amidu, makaniko wa pa Balaka, kwawo kwa Mposa, mnzawo wa abambo kuyambira paunyamata. Pokhala Msilamu, akabwera kwathu amayi ankawapatsa mpeni kuti nkhuku azinge okha. Loweruka lina anafika panjinga, masipanala atakulunga m'chiguduli. Anayesa ili, anayesa ilo, nati galimotoyi ndi ya ku Mangalande chifukwa masipanala a mainchesi ndiwo akugwira mabawuti. Koma za ku Mangalande n'zambiri ndipo n'zofanana, choncho kuti sitolo ya ku Limbe itumize zitsulo zoyenera pankafunika nambala. Anafufuza pansi pa boneti mpaka anapeza kachitsulo konga chikhatho cha mwana, kokhomedwa ndi timisomali, kokutidwa ndi girizi wouma gwa. Anakathira parafini nati kanyowe sabata yonse, adzawerenga Loweruka linalo.

Ine ndinali mu Sitandade 4, ndipo ndinali ndi galimoto yangayanga ya mawaya, mateyala ake zitini za polishi. Inkangosowa nambala kumbuyo. Lachiwiri, abambo ali kuntchito, amayi ali kudimba, ndinatukula boneti n'kuichirikiza ndi munsi. Nditapukuta kachitsulo kaja ndi malaya, kanawala ngati ndalama yatsopano. Mpeni wa amayi unamaliza ntchito. Ndinakaboola ndi msomali n'kukamangirira pagalimoto yanga.

Sindinayende nayo ngakhale masiku awiri. Mnzanga Pitala, amene ankaweta nkhunda, ataiona malovu anadzadza m'kamwa. Ndinamuzunza masana onse, kuchoka, kubwerera, kuyasamula ngati nkhaniyo yanditopetsa, mpaka anatulutsa nkhunda ziwiri, legeni pamwamba. Ndinamusiyira galimotoyo pamodzi ndi nambala yake. Amenewo ndiwo anali malonda anga oyamba, ndipo ndinabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo.

Loweruka Che Amidu anafika pensulo ili kukhutu. Atatukula boneti anapeza malo oyera a ngodya zinayi basi. Abambo nkhope inagwa. Masiku amenewo kusunga galimoto yopanda nambala kunali kuitana apolisi, ndipo munthu akatengedwa kukafunsidwa mafunso, tsiku lobwerera silinkadziwika. Kunkamvekanso kuti amakaniko ena amazula tizitsulo totere n'kukakhoma pamagalimoto akuba. Boneti ija inali yolemera, ndipo palibe anaganiza za kamwana kowonda ngati ine. Amene ankadziwika kuti anaitsegulapo anali mmodzi yekha.

"Achimwene," abambo anatero motsitsa mawu, "ngati mwakagulitsa, ingonenani."

Che Amidu anachotsa pensulo kukhutu. "A Jelemiya, zaka zonsezi ndikudya m'mbale yanu, lero ndikubereni kachitsulo? Iyayi."

Anakulunga masipanala awo pang'onopang'ono, limodzilimodzi, n'kumanga pakaliyala. Nkhuku anali atazinga kale, ili pamoto, koma sanaidikire. Ine ndinali chiimire pomwepo, madeya a nkhunda zanga ali m'manja, pakamwa ndatseka.

Masabata atatu ndinakhala choncho. Amayi ankati abambo ayamba kuzungulira njira yakunjanji kuti asadutse pagalaja ya mnzawo. Pomaliza ndinapita kwa Pitala kukaombola kachitsulo kaja, ndipo iye anaona pankhope kuti ndapanikizika. Anatenga nkhunda zonse ziwiri, legeni, mpira wanga wachikulunga ndi lamba wa kabudula wakusukulu. Ndinabwerera nditagwira kabudula ndi dzanja. Kachitsuloko anali atakakwecha ndi mchenga kumtsinje kuti kawale, atakawongola ndi mwala, atadulanso mbali imodzi kuti kakwane bwino pagalimoto. Manambala ooneka anatsala atatu.

Mukuganiza kuti ndinaulula? Iyayi. Ndinakaponya pansi pa galimoto ya abambo kuti kaoneke ngati kanagwa kokha. Abambo anakapeza Lamulungu akupukuta. Anakatembenuza, naona mabowo a msomali ndi kawaya kamene ndinaiwala kuchotsa. Sanathyole mkwapulo, ndipo mpaka lero ndimati bola akanandikwapula. Anangoti mawa kusukulu sindipita.

M'mawa anavala jekete ndi chipewa, naika khadi la chipani m'thumba chifukwa njira inkadutsa pamsika pamene ankafunsa makhadi, n'kusiya njinga. Tinayenda wapansi mpaka pa Balaka, iwo patsogolo, ine m'mbuyo, kachitsulo kali m'manja mwanga, thukuta likukanyowetsa. 

Galaja ya Che Amidu inali pansi pa mtengo, pansi pakuda bii ndi oyilo. Panali anyamata awo ophunzira ntchito ndi eni magalimoto angapo. Pamaso pa onsewo abambo, munthu woimba kwaya kutsogolo, anavula chipewa n'kunjuta pafumbi.

"Ndinakunamizirani, achimwene. Wakubayo ndimagona naye m'nyumba."

Che Amidu anawadzutsa msanga n'kuwasansa jekete. Anatenga kachitsulo kaja, nakayang'ana padzuwa, nati ndi manambala atatu ku Limbe sangakugulitse ngakhale bawuti. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe mwanache, unapatapo chiyani?"

Ndinanong'ona kuti nkhunda ziwiri ndi legeni. Anyamata aja anaseka mpaka wina anagwetsa nyundo. Che Amidu sanaseke. Anaima phee akundiyang'ana, ndipo aliyense ankadziwa mawu amene akudikira. Ine maso ndinakhomera pazala zakumapazi mpaka iwo anatopa, natola sipanala n'kubwerera pansi pa lole imene ankakonza.

Kuchokera apo ankapatsana moni ndi abambo, maliro akagwa ankakhala pamphasa imodzi, koma ku Rivirivi Che Amidu sanapondekonso. Abambo anayesa kugula redieta mongoyerekeza, sinalowe. Anagula kabuleta, mabowo anasemphana. Galimotoyo inamira m'udzu mpaka anaigulitsa kwa osula mbaula.

Masiku ano munthu amafika pabenchi langa ndi foni, kujambula chitsulo, kutumiza kwa mlamu wake kunja, ndipo tiyi asanazizire wadziwa kale mtundu wa galimoto ndi chaka chake. Kupepesa nako kunatchipa: mwana wanga akandilakwira amalemba mawu awiri pafoni ali kuchipinda, ine ndili pabalaza, nkhani yatha. Abambo anapondera dzuwa la Balaka mtunda wonse uja kukanjuta pamaso pa anthu chifukwa cha mlandu wanga. Ine pakamwa panga m'pamene pandidyetsa moyo wonse, ndikhoza kumugulitsa munthu sipulingi yothyoka iye n'kundithokoza. Koma pa zaka zonse zimene Che Amidu anakhalabe ndi moyo, ndikudutsa pagalaja yawo pafupifupi sabata iliyonse, liwu limodzi lakuti pepani linandikanika.