Dazi Loyesera Mafuta

Mayi a pakhomo loyandikana aja sakhulupirira zolembedwa pabotolo. Akaona mawu oti mafuta ndi achilengedwe, pambali pali chithunzi cha tsamba, amangopukusa mutu. "Tsamba aliyense angajambule, mwanawe." Amatsegula, kununkhiza, kenako kuitana amuna awo. Mafuta alionse amayamba ayesedwa padazi la bambowo. Likachita nsungu, botolo amalitaya kudzala.

Tsiku lina anapezerera mtsikana wa pakhomo linalo ali ndi kabotolo katsopano. Mtsikanayo ankayembekezera kuperekeza ukwati wa mkulu wake Loweruka, koma nkhope inali itatuwa ndi kuuma.

"Bweretsa kuno. Ukufuna ukaime pamaso pa anthu uli matuza okhaokha?"

Kukanira wamkulu sankatha, ndiye anapereka, mtima ukuwawa. Sabata yonse ankangoonera pawindo dazi likudutsa, lili nyezinyezi, nkhope yake ikusuwabe. Lachisanu analimba mtima n'kukagogoda.

"Ndi enieni, usakayike," anatero mayiwo, akumupatsa botolo lopepuka ngati chikho.

Bambowo anasisita mutu mwamanyazi. "Pepa mwanangu, amayi akowa amati titsimikize bwinobwino."

Otsalira pachivundikiro anangokwana tsaya limodzi.