Kumtunda kwa Jafali

Ndinaganiza zopita ku Joni m'mawa umene ndinapeza mdzukulu wanga Zainabu atagona pamphasa yonyowa, madzi atalowanso m'nyumba mwathu ku Kanyenda. Mwanayo ankatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Ndinamunyamula, ndinagwira chipupa chimene chinali chitafewa ngati phala, ndipo ndinachita niya mumtima monga timachitira Asilamu tisanayambe pemphero la swala: ndisanafe, ana awa adzagona m'nyumba ya njerwa zootcha pamalo pamene madzi safika.

Malowo ndinali nawo kale m'maso: munda wa chinangwa wa malemu mayi anga, kutsidya kwa msewu waukulu, pamene nyanja imaoneka patali ngati mbale yotayidwa. Koma sindinatchule mundawo kwa munthu. Kwathu ukatchula malo, mawa kumabwera msuweni amene sunamuonepo kudzanena kuti agogo ake anadzalapo mango. Ukatchula nyumba, aliyense amadwala mwadzidzidzi n'kudzakupempha ndalama. Choncho niya yanga ndinaidula m'zidutswa ngati chinangwa chokanyika: choyamba njerwa, njerwa zikapsa malata, malata akakwera chitseko cha loko. Chidutswa china sichiyamba chinzake chisanathe.

Ndinagulitsa mpunga wa chaka chonse ndi mbuzi. Pachitsime ankaseka kuti agogo akupita kumene amapita anyamata, mwina akukafuna banja. Mwana wanga Jafali, bambo wa Zainabu, msodzi kuyambira ali mwana, anandiperekeza pa siteji ku Dwangwa. Anthu anali atatizungulira, makutu ali tcheru, ndiye ndinalankhula mwachidule.

"Ndikayamba kutumiza, usamange pamene tili paja. Ukamange kumtunda. Wamva?"

"Ndamva, amayi. Kumtunda."

Ku Joni ndinapeza ntchito yosamala mayi wokalamba wa Chimwenye amene anafa ziwalo mbali imodzi. Kumutembenuza, kumusambitsa, kumupukuta, kumudyetsa ndi supuni. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo mwezi wa Juni kuzizira kunkalowa m'mafupa mpaka mawondo kukana kugwada pa swala. Chitupa changa chitatha, ndinasiya kutuluka kuopa apolisi. Amalawi anzanga anandiitana kuti ndilowe chipereganyu, ndinakana. Ndalama yanga sigona m'thumba la munthu wina. Pa Idi eni nyumba ankadzaza pabalaza, ine ndikudya mpunga wawo wa zokometsera zambiri chiimire kukhitchini. Munthu yekhayo amene ndinamuuza za munda wa mayi anga anali wodwalayo. Ndinkamuuza m'Chichewa, popeza sankamva ndipo sakanauza wina.

Musaganize kuti ndinkatumiza ndalama ngati chitsiru. Jafali akati njerwa zapsa, ndinkamuuza kuti ajambule Zainabu ataima pambali pa uvuni, kuti ndidziwe kuti si njerwa za eni. Akati malata afika, ndinkafuna chithunzi mkazi wake Mariamu atawagwira ndi dzanja. Zonse zinkabwera pa foni. Chipupa chikukwera, denga likunyezimira, chitseko cha mlombwa. Ndinkakuza zithunzizo ndi zala mpaka maso kuwawa. Tsiku lina ndinaona mchenga woyera pansi pa chipupa, ndinafunsa. Jafali anati ndi mchenga womangira. Tsiku lina m'mawu amene anatumiza ndinamva mafunde kumbuyo. Anati anajambulira padoko. Lero ndikakumbukira, sindipeza pamene ananama. Ndi chimene chimandipsetsa mtima kwambiri.

Mayi uja atamwalira, ana ake anandipatsa chikwama cha zovala zake ndi kundithokoza pageti. Ndinakwera basi. Ndinatsika pa Dwangwa osauza munthu, chifukwa ndinkafuna kuona zinthu zisanasesedwe. Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, ndipo titafika pamphambano ya kwathu ndinaloza kumadzulo, kumitunda. Woyendetsayo anakhotera kum'mawa. Ndinamumenya paphewa. Iye anati kwa a Jafali akudziwako bwino, nyumba ya malata ija imene aliyense akuikamba chaka chino.

Chaka chimenecho nyanja inali itakwera. Nyumba yanga ndinaipeza. Njerwa zootcha, malata, chitseko cha mlombwa ndi loko wake, palibe chimene chinasowa. Inaima m'madzi ofika m'mawondo, ndere zitamera m'chipupa, ndipo bwato la Jafali linali litamangiriridwa pansanamira ya khonde. Banja lonse linkagona m'chisakasa cha udzu kuseri kwa mzikiti. Zainabu anali atatalika kundipitirira phewa. Anandithamangira, nandikumbatira, natsokomola chifuwa chomwe chija.

Jafali anabwera akupukuta manja m'malaya. Sindinayankhe salamu yake.

"Pa siteji paja ndinati chiyani, iwe?"

"Munati kumtunda, amayi."

"Ndiye pano ndi kumtunda?"

"Pomanga panali pouma. Ifetu bwato likangogunda mchenga timati tafika kumtunda. Funsani aliyense padoko."

Anthu amene anasonkhana anavomereza ndi mitu. Inde, asodzi amatero. Kwa iwo dziko lili pawiri basi, pamadzi ndi kumtunda, ndipo kumtunda kumayambira pamene phazi lauma. Ine ndinabadwira kumunda, kumtunda kwanga ndi kokwera mpaka wefuwefu. Liwu limodzi, ndipo ine ndinapukuta matako a munthu zaka zonsezo chifukwa cha liwu limenelo.

Ndikanangoti ndi tsoka, koma Mariamu anandinong'oneza tikusenda chinangwa. Anati iye anawauza amuna ake kuti apongozi akunena kutsidya kwa msewu. Jafali anayankha kuti akagona kutali ndi doko, injini ya bwato ibedwa. Ndiye kuti mwana wanga anamva matanthauzo onse awiri, nasankha limene lili pafupi ndi bwato lake. Mmisiri anaona, ashehe anaona, achimwene anga ankadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku. Nditawafunsa chifukwa chimene sanandiimbire, onse anati ankayesa ndikudziwa. Anthu omwewo amene amadziwa ndiwo imene waphika usanavundukule poto.

Ndinali nditaiwala kuti kwathu anthu amakhala atafulatira mitunda. Ndalama ukhoza kutumiza, zithunzi ukhoza kuzifufuza, koma maso ako sungawaike m'mutu mwa munthu amene akuyang'ana kwina.

Lachisanu, anthu akutuluka mu Juma, ndinaima pakhomo pa mzikiti ndi chikhomo ndi mwala m'manja. Ndinaitana Jafali, Mariamu, achimwene anga ndi ashehe kuti anditsate. Tinawoloka msewu, tinakwera, amuna akuluakulu akupuma movutikira kumbuyo kwa nkhalamba. Pakati pa munda wa mayi anga ndinakhoma chikhomocho, ndi kunena mokweza kuti amene ali ndi mango a agogo ake pano alankhule lero. Panalibe anatsokomola. Ndinagwira Jafali padzanja mpaka phazi lake linaponda pachikhomo.

"Pano ndi pati?"

"Kumtunda, amayi."

"Nanga kuja?"

Anayang'ana kumunsi, kumene malata anga ankanyezimira pakati pa madzi.

"Kuja ndi m'nyanja."

Niya ija ndaidulanso, koma tsopano ikuyenda chobwerera: chitseko chazulidwa, malata akutsika, njerwa zikugumulidwa imodziimodzi. Bwato la Jafali silinapite kokapha usipa mwezi uno. Likututa njerwa kuchoka pakhonde kufika pouma, ndipo kuchokera pamenepo amazisenza yekha. Ine ndimakhala pachikhomo ndi Zainabu, kuyang'ana aliyense wokwera. Kiyi wa loko uja ali pachingwe m'chiuno mwanga, ndipo sachokapo mpaka mwanayu atagona pouma.