Katoni ya Mayi Tcheya

Anandilanda maliro a bambo anga. Za imfa yawo sindikunena, imeneyo ndi ya Mulungu. Ndikunena zoima pamanda ndi kuponya dothi pabokosi lawo. Amene anandilanda ndi anthu a mpingo wa amayi kuno ku Leicester, anthu opemphera bwino ndithu.

Uthenga unandipeza Lolemba ndili pa shifiti ku Corby, komwe ndimanyamula makatoni a eni ake chisiyireni koleji. Bambo ndi amayi analekana kalekale. Amayi anabwera nane kuno ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo anatsala ku Dedza. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anandiuza pa foni mosazungulira: "Thupi tisunga ku mochale, koma Lachisanu tikuika. Anthu akudya pano, sitingapitirire apo."

Tikiti anandipezera ndi mkulu wina wa mpingo amene amadzitama kuti amadziwa zotchipa. Ndege yoyamba inali yonyamuka pa bwalo la ndege la East Midlands Lachitatu n'kukatera pa bwalo laling'ono kunja kwa Paris. Yachiwiri, yopita ku Afirika, inali yonyamukira pa bwalo lina. Pakati pake pamayenda basi ya ola ndi theka, ndipo katundu umatenga wekha n'kukamuperekanso uko. Ndinali ndi maola anayi.

"Nthawi yambiri imeneyo, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Mpaka ukamwa tiyi."

Kuno munthu sapita kumudzi ndi katundu wake yekha. Lachiwiri masana, kanyumba kathu ku Spinney Hill kanadzaza azimayi odzapepesa, ena ali m'mayunifolomu a kuntchito. Aliyense analira pang'ono, anaimba pang'ono, kenako n'kutulutsa jumbo pansi pa mpando.

"Ndi kakang'ono, sikalemera. Tinsapato ta mdzukulu."

"Aka ndi kafoni chabe. Mlamu wanga akakupeza pa maliro pomwepo."

Masutukesi awiri anadzaza mafuta odzola, majuzi ndi chokoleti. Zanga zinali buluku lakuda ndi malaya awiri m'kachikwama ka kumsana. Pomaliza analowa mayi tcheya wa kwaya atanyamula katoni yaikulu yomanga ndi zingwe za buluu. Munali mphika wamagetsi uja wokazinga popanda mafuta, wa mwana wawo wamkazi amene ankakwatiwa mwezi wotsatira.

"Iyi ayi," ndinatero. "Ndikupita ku maliro, sindine lole."

"Iwe, ukuyankha akulu choncho?" anatero amayi. Ananditengera kukhitchini n'kutsitsa mawu. "Agogo ako atamwalira, anatinyamulira nsalu ndi mayi amenewa. Ukakana lero, ine ndikhala bwanji kutchalitchi?"

Ndinainyamula.

Ndege inatera nthawi yake. Masutukesi awiri anatuluka pa lamba wa katundu msangamsanga. Katoni osaoneka. Wantchito wina anandilozera kakhomo ka pakona komwe kumatulukira katundu wosakhala bwino pa lamba, monga njinga ndi ngolo za ana. Ndinaima pamenepo. Kudzera pagalasi ndinkaiona basi yanga panja, chitseko chili pululu, anthu akukwera. Inatsala ndi mphindi khumi, ndipo yotsatira inali patapita ola lathunthu.

Ndinaimbira amayi. Anayankha ali pantchito, kunyumba yosamalirako okalamba, ndikumva wailesi yakanema kumbuyo.

"Amayi, katoni sinatuluke. Ndikuisiya."

"Usayerekeze! Katundu wa anthu ameneyo."

"Basi ikupita."

"Ibwera ina. Anati uli ndi maola anayi. Dikira, mwana wanga, Mulungu alipo."

Pano ndiyenera kunena zoona: foni inali m'manja mwanga, miyendo inalinso yanga. Palibe anandigwira. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndinasiya sukulu osapempha chilolezo kwa wina aliyense, koma katoni ya mayi tcheya ndinalephera kuisiya. Ndinaima ngati chitsiru, basi n'kutseka chitseko ine ndikuyang'ana.

Katoni inatuluka patangopita mphindi zisanu ndi ziwiri, itaphwanyika pakona.

Basi yachiwiri inakalowa mumdipiti wa magalimoto a anthu oweruka kuntchito. Nditatsika ndinathamanga ndi ngolo ya katundu m'bwalo lalikulu lija, katoni ikugwa, ine n'kutola, ikugwanso. Pa kauntala ndinapeza mayi mmodzi akuzimitsa kompyuta. Anandiuza mwaulemu kuti analeka kulandira katundu mphindi khumi ndi ziwiri zapitazo. Ndinamuuza za bambo. Anati pepani, ndipo ndikhulupirira ankanena zochokera mumtima. Koma matikiti anga anali awiri osiyana, ndiye kuchedwa kunali kwanga. Mpando wina unapezeka Lachisanu madzulo, pa mapaundi 640. Ndinalipira ndi khadi langa, ndalama zimene ndinkasungira laisensi ya galimoto.

Lachisanu masana ndinakhala pa benchi m'bwalomo, mapazi nditasanjika pa katoni, msuweni wanga akundionetsa maliro pa foni. Netiweki inkadukaduka. Ndinaona miyendo ya anthu, nthambi za mtengo, kenako chithunzi chinaima pa fosholo ili m'mwamba. Chitayambanso kuyenda, anali akuyala nkhata za maluwa.

Ndinafika ku Dedza Loweruka. Azakhali sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangonditengera kumanda n'kuloza mulu wa dothi. "Ndi awa bambo ako. Anakudikira."

Eni katundu sanachedwe. Lamulungu anali atayamba kale kufika pakhomo, aliyense ndi pepani wake wa mphindi ziwiri. Mwana wa mayi tcheya anabwera pa galimoto ndi chibwenzi chake. Anatsegula katoni pakhonde pa malemu bambo, anazunguza mphikawo uku ndi uku, n'kundifunsa ngati kabuku ka malangizo ndinakaona.

Nditabwerera ku Leicester, mkulu wa tikiti uja anaimirira kutsogolo kwa mpingo n'kunena kuti zimene zinandigwera ndi zomvetsa chisoni, Satana ndi wabodza, ndipo mpingo usonkha kuti undibwezere ya tikiti yonse. Anthu anati ameni. Amayi anabwera ndi envelopu kunyumba sabata yotsatira, atainyamula ndi manja awiri ngati mphatso. Munali mapaundi 200. Mayi tcheya anandiyika pa mndandanda wa owapempherera, ndipo tikakumana pa sitolo ya nyama amandifunsa kuti ndipitanso liti kumudzi.

Papita zaka ziwiri. Atsala ndi mapaundi 440.