Mizere Inathera Pachulu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, amalume atabwera kudzagawa munda wa amayi kwathu ku Mitundu. Kwathuko munda umatsata ana aakazi: mwamuna amabwera pachikamwini n'kumalima nthaka ya mkazi wake. Ife tinabadwa aakazi okhaokha asanu ndi mmodzi, ine mzime. Akulu anga atatu anali atakwatiwa kale, ndipo amuna awo anali atayamba kulimirana malire.

Matama ndinali nawo. Kusukulu ndinali nditalengeza kuti ndikupatsidwa munda wangawanga, ndipo ndidzadzalamo mtedza. M'mawa wa tsikulo ndinanyamula khasu la amayi n'kukaima kutsogolo ngati munthu wamkulu. Anzanga awiri ananditsatira kuti akadzionere okha.

Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuswa mtengo, mapesi akuthetheka kumapazi. Amalume ankayenda akuwerenga mizere, akakwanitsa gawo la munthu n'kukhoma chikhomo. Magawowo anali opapatiza moti alamu anga ena anadandaula kuti zokolola zake zidzakwana mu jumbo. Atamupatsa mwana wachisanu, tinapezeka taima pachulu pamene pankayambira munda wa eni ake.

"Nanga ine, amalume?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. "Mizere yatha, mwanawe. Iwe uzipempherera mwamuna wa chitengwa, adzakutenge ukalime kwawo."

Anthu anaseka, anzanga ajanso anaseka. Khasu lija linandilemera, ndinasowa poliika. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawaonenso, ndipo pofika Lolemba sukulu yonse inkanditchula Nachitengwa.

Madzulo ake ndinawapeza amayi akusadzula nkhwani kuseri kwa nyumba. Ndinawafunsa chimene anandiberekera pomwe analibe pondiika. Sanandikalipire, komanso sanadzutse nkhope, ndipo ndinazindikira kuti manyazi awo ankaposa anga.

"Pamene agogo ako ankatigawira ife, aliyense ankalima mpaka kutopa munda usanathe," anatero. "Ndinkaganiza kuti zidzakhala choncho mpaka kalekale. Ife timabereka, mwananga, koma munda subereka."

Mawu a amalume anapherezera. Ndinakwatiwadi chitengwa kuno ku Nathenje, ndipo nako ndinapeza kamunda ka amuna anga kali ngati mphasa, atagawana ndi abale awo. Chimene chimatidyetsa ndi tomato amene ndimagulitsa pamsewu. Tsopano ndimamvetsa kuti amalume sanandimane, analibe chopereka.

Ndili ndi ana awiri. Apongozi anga sachedwa kundikumbutsa kuti ana ndi chuma, n'kumafunsa ngati ndalekera pomwepa. Ndimawayankha mwaulemu kuti tiona. Koma mumtimamu ndinawerenga kale mizere, ndipo sindifuna mwana wanga adzaime pachulu atanyamula khasu.