Mbale Zofiira pa Bwalo la Sukulu

Amalume anali ndi kaburashi ka penti kamene sikankachoka m'thumba la jekete lawo. Kanali katauma gwa ndi penti yofiira, moti ukakagogoda patebulo kankalira ngati kamtengo. Anabwera nako ku Dudley, tauni ya kudziko la azungu komwe tinkakhala, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi atawaitana kuti adzandisamale iwo akakhala ku mashifiti kuchipatala.

Kwathu ndi ku Mwanza, kumalire. Amalume ankagwira ntchito kutsidya, ku Mozambique, yofukula mabomba okwirira amene nkhondo inasiya m'minda ya anthu. Tsiku lonse chogwada, kukanda dothi pang'onopang'ono ndi kachitsulo. Pamene amaliza ankandandalikapo miyala yoyera, pamene sanafike miyala yofiira. Kenako azungu opereka ndalama za ntchitoyo anati thumba lauma. Magalimoto anabwera kudzanyamula makina ndi matenti, munda uli theka. "Tinawasiyira miyala," ankangotero amalume. Mvula itagwa penti inasuluka, ndipo mtsikana wina wokatola nkhuni anaponda bomba. Amene anakamutenga ndi amalume, poti m'mudzi monse munalibe wina wodziwa poponda. Anamunyamula m'chitenje, mwendo anachita kuubwerera ulendo wachiwiri.

Zimenezi ndinazimva nditakula. Nthawi imeneyo ndinkangoona bambo wamkulu woopa udzu. Basi ikhale ikunyamuka, ife tinkazungulira paki yonse m'kanjira ka simenti, anzanga akudutsa pakati n'kumatiseka. Manyazi ake! Akandilankhula m'Chichewa ndinkawayankha m'Chingelezi, mwadala.

Amayi anali atawachenjeza tsiku lomwe anafika: "Achimwene, kuno mwana sakhudzidwa. Mukangomusiyira chipsera, a sosholo, aboma oona za ana aja, adzandilanda mwanayu, ndiye ine ndidzakhalira chiyani kuno?"

Chakumapeto kwa teremu yotentha, aphunzitsi athu anaona pa TV ana oduka miyendo, ndipo anakonza tsiku la masewera loti makolo asonkhe ndalama zochotsera mabomba kumayiko akutali. Sindiwada mayi amene uja, mtima wawo unali wabwino. Koma nzeru zake, ayi ndithu! Anapenta mbale zamapepala ndi penti yofiira n'kuzimwaza pabwalo ngati mabomba. Mwana amamangidwa nsalu m'maso, mnzake n'kumamukuwira kokhotera, ndipo akaponda mbale, bambo wina woima kumbuyo amaphulitsa baluni. Makolo ankalipira, ankaseka, ankajambula.

Amayi anali kuntchito Loweruka limenelo, choncho ndinapita ndi amalume. Anaima kumpanda, pasimenti, manja m'thumba. Palibe amene anawafotokozera kalikonse. Iwo anangoona zinthu zofiira zili mbwee mu udzu, ine akundilowetsa pakati pake nditamangidwa m'maso.

Ndikukumbukira fungo la udzu wongotchetcha kumene, ndi la perefyumu ya aphunzitsi m'nsalu ija. Ndinayenda pang'ono, manja kutsogolo. Kenako china chake chinaphwanyika pansi pa nsapato yanga. Phwaa! Ana onse anakuwa kuti ndafa.

Chimene chinandigunda sindinachione. Ndinagwa chafufumimba, mkono uli pansi, ndipo ndinaumva ukuthyoka, tcho, ululu usanafike n'komwe. M'kamwa munadzaza dothi ndi magazi. Pamsana panga panali chimunthu cholemera, chonunkha thukuta, chikundikanikiza mutu ndi chibwano. "Usasunthe! Usasunthe!" Ndinazindikira mawu a amalume, koma anali atasasa ngati si awo.

Bambo wa mabaluni uja anawagwira pakolala kuti awachotse. Amalume anamubweza ndi chigongono, mphuno inaphwanyika, magazi mpaka pamalaya oyera. Nsalu inali itandivuka, ndinaona zonse ndi diso limodzi. Abambo ena anathamangira. Anawamenya amalume mateche m'nthiti, m'khosi, kumutu, ndipo theche lililonse ndinkalimva likudutsa m'thupi mwawo kufika mwa ine. Sanadzuke. Anachita kuwakanganula ngati nkhupakupa. Apolisi akuwamanga unyolo, nkhope ili pansi, iwo anali akukuwirabe ana a eni ake m'Chichewa kuti aliyense aime pomwe ali.

Ananditengera kuchipatala chomwe amayi ankagwira ntchito. Anatsika kuwodi ndi yunifolomu, nkhope ili gwa, anzawo akuyang'ana kumbali. Mayi wa sosholo anandifunsa mofatsa ngati amalume anandipweteka. Ndinati inde, anandilumphira ine osawalakwira. Sindinaname, ndi mmene ndinazionera. Mayiyo anauza amayi poyera kuti m'nyumba imeneyo mutsale mmodzi, mlongo wawo kapena mwana wawo.

Amayi sanapemphe n'komwe nthawi yoganiza. Analirira kukhitchini, mpopi atautsegula kuti ndisamve, kenako anayamba kupinda zovala za amalume. Tsiku lonyamuka kubwerera ku Mwanza, amalume anaima pakhomo la chipinda changa, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka. "Mphwanga, mkono uli bwanji?" Ndinatembenukira kukhoma n'kuwauza m'Chingelezi kuti azipita.

Ndalama za sukulu zija zinatumizidwa, ndipo aphunzitsi anatiombetsa m'manja pa asembule. Kaya zinakafika m'munda wa yani. Amalume sanaitanidwenso kuntchito ija, ndipo anamwalira ku Mwanza ine ndisanapiteko.

Tchuthi chonsecho ndinakhala ndi pulasitala kumkono, ndikukanda mkati ndi pensulo, mtima uli fwaa ndi mkwiyo. Funso langa linali limodzi, ndipo ndinkavutitsa nalo amayi mpaka ankatuluka panja. Ngati amalume ankaopadi kuti pansi paja paphulika, bwanji osathawa ngati munthu wanzeru? Bwanji anathamanga kudutsa udzu wonse uja, n'kudzagona pamwamba pa ine?